Thumba lolimba koma lotseguka ndi manja okha: yankho kwa amayi a ku Ulongwe

Uthenga uwu unabwera pa WhatsApp kuchokera kwa mayi wina wa ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, ndaudulako pang'ono koma nkhani yake ndi iyi:

"Bambo, ife tilipo azimayi angapo pagulu, timasakaniza chakudya cha nkhuku, chimanga, soya wokazinga ndi madeya, nkumalongedza m'matumba a 25 kg ndi 50 kg. Ena amagula konkuno, ena timawatumizira pa lole ku Moatize ndi ku Tete. Vuto lathu ndi pakamwa pa thumba. Tikasoka kawiri kuti lilimbe makasitomala akudandaula kuti mpaka afunefune mpeni, ndiye akumang'amba thumba chakudya nkumatayika, wina mpaka anadzicheka chala. Titayesa kusoka kamodzi, matumba atatu anamasuka panjira lole isanafike nkomwe pa Mussacama. Kodi lilipo thumba loti nkukhala lolimba komanso munthu nkulitsegula ndi manja okha? Kapena tikufuna zosatheka?"

Mayi, zikomo kwambiri polemba, ndipo mtima pansi, simukufuna zosatheka ayi. Ine ndakhala zaka zambiri ndikusoka ndi kulongedza matumba, a chimanga, a nyemba, a feteleza, ndipo funso lanuli ndi lomwe limasowetsa tulo aliyense amene wayamba geni yolongedza. Mwina simufunikanso kugula matumba ena kapena makina ena. Zambiri zikuthera pa msoko womwewo ndi kamchira ka ulusi kamene kamatsala kumapeto, kaja anthu amangokadula osakaganizira nkomwe.

Tiyambe ndi thumbalo. Matumba oyera omwe tonse timagwiritsa ntchitowa ndi a pulasitiki yotchedwa polypropylene, ena amangoti PP, ndipo mukaliyang'anitsitsa muona kuti ndi timalamba ting'onoting'ono tolukana ngati mkeka. Kamlamba kalikonse ndi kolimba zedi mukakakoka chautali, nchifukwa chake thumba lopepuka chonchija limanyamula 50 kg osadandaula, komanso nchifukwa chake silingang'ambike bwinobwino ndi manja ngati pepala la shuga. Ndiye anthu ena akafuna kuti lizitseguka mosavuta amaganiza zolifooketsa, kuboola timabowo mondanda kapena kucheka pang'ono m'mphepete kuti kasitomala azingong'amba. Chonde musachite zimenezo. Njira imeneyo imagwira pa timapaketi tating'ono ta mchere kapena ta sopo waufa, koma pa thumba lolemera, pamene mwafooketsapo ndi pomwe pakaphulikire aganyu akaliponya kuchokera pamwamba pa lole, komanso timabowoto ndi khomo la chinyezi ndi anankafumbwe. Thupi la thumba lisiyeni lolimba mmene lilili. Chomwe chiyenera kugonja ndi msoko wokha, ndipo uzigonja pokhapokha munthu waukoka mbali yoyenera.

Apa ndiye pali nkhani yonse, ndiye ndichedwapo pang'ono.

Makina a m'manja osokera matumba omwe ambirife tili nawo, kaya ndi Newlong NP-7A kaya aja otchipirapo a ku China olembedwa GK9, amasoka ndi ulusi umodzi, msoko wake umatchedwa chain stitch, m'mabuku a mafakitale amaupatsa nambala 101. Tengani thumba limodzi lomwe mwasoka kale muliyang'ane mbali zonse ziwiri. Mbali imodzi muona timizere towongoka totsatana, mbali inayo muona timaunyolo, kalikonse kakulowa mwa kanzake. Inu amayi mumadziwa kuluka, eti? Ndi chimodzimodzi ndi kachipewa ka mwana koluka, mukagwira ulusi kumene munathera nkukoka, kachipewa konse kamasololoka mpaka poyambira, koma mukakoka kumene munayambira kamangomangika. Msoko wa thumba nawonso umamasuka kuchokera kumene makina anathera kusoka basi, osati kumene anayambira. Kasitomala amene sakudziwa zimenezi amayamba mbali yolakwika, amakoka, ulusi nkulimba, amayesa ndi mano, kenako nkuitanitsa mpeni. Ndinaonapo agogo ena pamsika atagwada pa thumba la madeya akulimbana nalo thukuta lili kamukamu, mdzukulu atathamangira kukabwereka lezala kwa ometa. Ndinangowatembenuzira thumba, nkumasula kaunyolo kamodzi komaliza ndi chikhadabo, nkuwapatsa ulusi kuti akoke okha. Unangoti phwee mpaka mbali ina, iwo nkugwira pakamwa. Thumba linali labwinobwino, chinasowa ndi chizindikiro chowauza poyambira.

Ndiye matumba anu atatu aja anamasukiranji panjira? Sindinawaone, koma ndikukhulupirira kuti chimodzi mwa ziwiri izi chinachitika. Mwina osoka anadula ulusi pafupi kwambiri ndi thumba, kaunyolo komaliza nkukhala kopanda chokagwira, ndiye ndi kugwedezeka kwa lole pamabampu kanavuka kokha, msoko wonse nkutsatira. Kapena mchira unasiyidwa wautali ukulendewera, unakola pa msomali kapena pa waya wa m'mbali mwa lole, kapenanso pa thumba linzake pokweza. Zoterezi zinandichitikirapo ineyo pa ntchito ina, tinakweza nyemba madzulo, m'mawa potsegula lona tinapeza nyemba zili mbwee pansi, ulusi wa thumba limodzi utazengerezeka pa kabawuti ka chitseko. Tsiku limenelo ndi lomwe ndinaphunzira kuti mchira wa msoko umafuna kuusamala ngati katundu amene.

Chitani chonchi. Makina akafika kumapeto kwa thumba musadule pompo, alekeni asoke m'malere pang'ono kuti patuluke kamchira koluka kotalika ngati zala zitatu, masentimita 4 kapena 5. Kamchirako kakakhala koluka bwino kamadzigwira kokha. Kenako kapindeni kagone pa thumba, nkukamata ndi kachidutswa ka tepi yomata yamtundu wowala, yofiira kapena yachikasu. Katepi kameneko kakugwira ntchito ziwiri nthawi imodzi, kakubisa mchira kuti usakole panjira, komanso kakumuuza kasitomala kuti yambira pano. Iye angomatula tepi, amasule kumapeto kwa mchira, nkukoka. Onetsetsani kuti pomatapo mwapukuta fumbi la madeya, apo ayi tepi siigwira, ndipo gulani tepi yamphamvu, ija yotchipa yomatira makatoni imamatuka ikamva kutentha kwa ku Tete. Ngati tepi yakudulirani, lowetsani mchirawo pansi pa timizere tiwiri ta msoko womwewo, ukhale wopanikizika koma nsonga yake ikuoneka.

Ndipo osoka onse pagulu lanu azisoka molowera mbali imodzi, tsiku lililonse. Ngati dzina la gulu lanu lili kutsogolo kwa thumba, gwirizanani kuti mchira uzithera dzanja limodzi lomwelo nthawi zonse, kuti amene wagula kamodzi asadzavutikenso ulendo wachiwiri. Ichi chikuoneka chaching'ono koma ndi chomwe chimalephereka kwambiri pamene osoka ali ambiri, wina wamanzere wina wamanja, aliyense kugwira thumba mmene wafunira.

Za kusoka kawiri zija, ndikumvetsa chifukwa chake munatero, koma taonani zomwe zimachitika. Mukabwereza msoko pamwamba pa unzake, singano yachiwiri imabaya ulusi woyamba nkuumanga, ndiye palibenso ungasololoke, mpeni basi. Komanso singano ikabaya malo amodzimodzi kawiri imadula timalamba tija, thumba limafooka pomwe inu mumafuna kulimbitsa. Ngati mukufunadi misoko iwiri, makamaka pa a 50 kg opita kutali, isiyanitseni, wina pamwamba wina pansi, pakati pakhale mpata wa chala chimodzi kapena ziwiri, isakhudzane paliponse, ndipo yonse ithere mbali imodzi. Kasitomala akoka kawiri, komabe ndi manja. Ine pa a 25 kg ndimaona kuti msoko umodzi wosokedwa bwino ndi wokwanira.

Kusokedwa bwino ndikutanthauza chiyani? Choyamba pindani pakamwa pa thumba musanasoke, mpendero wa masentimita 3 kapena kuposerapo. Thumba loluka likadulidwa m'mphepete mwake mumayoyoka, ndiye mukasoka pafupi ndi m'mphepete osapinda, ulusi sumaduka ayi, koma timalamba timasololoka msoko nkuchoka wathunthu uli wosokedwa. Anthu ambiri amati ulusi ndi wowola pamene vuto ndi mpendero. Pogula matumba sankhani aja odulidwa ndi moto pakamwa, mukagwira mumamva kokhakhala ngati posungunuka, kapena opinda kale ku fakitale. Chachiwiri musadzaze mpaka pakhosi. Siyani mpata wa chikhatho chimodzi pakati pa chakudya ndi msoko, chifukwa thumba likagwa pansi katundu amathamangira kumapeto, akasowa kopita amakankha msoko. Ndikudziwa kuti thumba lodzaza ndi lomwe limakopa wogula pamsika, koma bola mugule lalikulupo pang'ono, sikelo ndi imene inene zoona. Chachitatu singano. Singano yobuntha kapena yopindika imalumpha timaunyolo, ndipo pa msoko wa ulusi umodzi kaunyolo kamodzi kakalumphidwa ndiye kuti pamenepo pali poyambira kumasuka, pakatikati penipeni pomwe simukuyembekezera. Muziyendetsa chala mbali ya maunyolo thumba lililonse musanaliike pa mulu, pomwe palumphidwa chala chimamva. Makina muziwathira mafuta ndi kuwapukuta, fumbi la soya ndi madeya limamatirira mkati moyipa.

Alipo makina ena a ulusi uwiri, msoko wake ndi nambala 401. Umenewo ndi wolimbirapo ndipo sumasuka wokha msanga, koma potsegula pamafunika kumasula kumapeto nkugwira ulusi wonse uwiri, uku ndi uku, anthu ambiri amasokonezeka nawo. Umatseguka ndi manja ndithu koma umafuna munthu woudziwa. Chomwe musayese nkomwe ndi makina a telala osokera zovala, msoko wake umamangana pa kubaya kulikonse, sungasololoke ngakhale mutakoka bwanji.

Tsopano geni ikakula, pali njira ina yomwe mafakitale akuluakulu a chakudya cha ziweto amachita, ndipo ine ndimaikonda kwambiri. Amaitanitsa matumba oti mbali imodzi yasokedwa kale ku fakitale ndi kalamba kopinda pamwamba pa msoko, kokhala ndi kokokera, mumamva akuti easy open. Mbali imeneyo ndi yomwe imakhala kumwamba zolemba zikaima bwino. Inu mumathira katundu kudzera kumatako kwa thumba, nkusoka kumeneko molimba mmene mungafunire, kawiri kaya katatu, chifukwa kasitomala sadzatsegulako. Mwaona nzeru yake? Khomo lothirira ndi lina, khomo lotsegulira ndi lina, ndiye simukukakamizanso msoko umodzi kuti ukhale wolimba komanso wofewa. Vuto lake ndi mtengo, komanso opanga amafuna muitanitse ambiri nthawi imodzi makamaka mukafuna asindikizepo dzina lanu, ndiye kwa gulu laling'ono mwina mugwirizane ndi magulu ena a ku Domue kapena ku Tsangano muitanitsire limodzi. Koma nzeru yomweyo mutha kuibera ngakhale pa matumba wamba. Sokani nokha mbali yotsegulira modekha thumba lili lopanda kanthu, lili pa tebulo, msoko wowongoka ndi mchira wake womata bwino, chifukwa thumba lopanda kanthu limasokeka bwino kuposa lodzaza lomwe wina akuligwirizira ndi mawondo. Kungoti pamafunika matumba otsegula mbali zonse ziwiri kapena kumasula kumatako kaye, ndiye muone ngati nthawi ikukulolani.

Simunanene ngati mumaika jumbo mkati. Nyengo ya mvula kwanu ku Angónia chinyezi chimakhala chambiri, ndipo chakudya cha nkhuku chikachita nkhungu ndi poizoni kwa anapiye, ndiye ena amaika jumbo. Ngati mumatero, jumboyo musaisokere limodzi ndi thumba, singano imaiboola ndipo ntchito yake yatha pomwepo. Ipotoleni pakamwa, pindani, mangani payokha ndi kachingwe mfundo yosolola ija timamangira nsapato, kenako sokani thumba lakunja pamwamba pake. Ndi mmenenso amachitira ndi matumba a PICS aja osungira chimanga ndi nyemba popanda mankhwala, omwe anachokera ku Purdue University ku America. Ali ndi majumbo awiri mkati ndi thumba loluka kunja, lililonse limamangidwa palokha ndi chingwe, ndipo mpeni suyenera kuyandikira chifukwa kabowo kamodzi mpweya walowa, anankafumbwe apuma. Koma onetsetsani kuti chakudyacho ndi chouma ndipo soya wokazingayo wazizira musanatseke mu jumbo, mukatsekera chofunda chimachita thukuta mkati nkuwola msanga kuposa chopanda jumbo.

Kwa makasitomala a pafupi, oti abwera ndi njinga nkunyamula thumba limodzi, kumanga ndi chingwe kokha kumakwana, osasoka nkomwe. Kungoti thumba lomanga pakhosi silisanjika bwino pa mulu, ndipo munthu wosakhulupirika atha kumasula, kutapa, nkumanganso inu osadziwa. Msoko wokhala ndi katepi kamtundu uli ndi ubwino umenewonso, ukatsegulidwa umaoneka.

Pali mdani wina amene anthu amamuiwala, dzuwa. Kwanu kumtunda kumazizira, koma matumba akatsikira ku Moatize ndi ku Tete amakakumana ndi dzuwa loti mwezi wa October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 40. Pulasitiki ya PP ikakhala padzuwa nthawi yaitali imafumbutuka, mwaonapo thumba lakale lomwe mukaligwira limangosanduka ufa m'manja. Thumba lotero msoko ukhale wabwino bwanji liphulikabe, ndipo anthu adzanena kuti ndi kasokedwe kanu katsopanoka. Pogula funsani ngati matumbawo ali ndi mankhwala oteteza ku dzuwa, amati UV, ndipo ogulitsa anu akumunsiko auzeni asamaunjike katundu panja popanda lona kapena mthunzi. Matumba ogwiritsa kale ntchito a feteleza kapena a mankhwala musaikemo chakudya cha nkhuku ngakhale mutawachapa, apa sindinyengerera.

Musanatumize lole ina, yesani kaye pakhomo. Dzazani matumba asanu kapena khumi mmene muzidzazira nthawi zonse, sokani njira yatsopanoyi. Anyamata awiri alikweze thumba kufika pachifuwa nkulisiya ligwe pa simenti, chafufumimba, kenako cham'mbali, kenako choimirira msoko uli pansi, chifukwa ndi mmene amaponyera potsitsa ngakhale muwapemphe bwanji. Likokeni pansi pang'ono, lisanjikeni pansi pa anzake usiku wonse. Mawa lake yang'anani msoko, ngati mabowo a singano akula kapena timalamba tayamba kusololoka, onjezerani mpendero kapena chepetsani kudzaza. Ndiye mayeso achiwiri, omwe kwa ine ndi ofunika kuposa oyambawo, itanani munthu amene sanaonepo thumba lanu, makamaka agogo kapena mtsikana wamng'ono amene amadyetsa nkhuku m'mawa, mumupatse thumba osamuuza kalikonse, inu khalani chete muzingoyang'ana manja ake. Akayamba kuyang'ana uku ndi uku kufuna mpeni ndiye kuti chizindikiro chanu sichikuyankhula. Jambulani kamuvi ndi kadzanja kakukoka pafupi ndi tepi, chifukwa si onse amawerenga, ndipo mawu mulembe m'zinenero ziwiri, "kokani apa" ndi "puxe aqui", poti ku Tete ogula ena ndi a Chinyungwe ndi Chipwitikizi. Kavidiyo kakafupi kotumiza pa WhatsApp kwa ogulitsa anu kamathandizanso kwambiri.

Ndipo muziwauza makasitomala phindu lawo, thumba lotsegulidwa ndi ulusi limatsala lathunthu. Kwathu kuno thumba silitayidwa, likatha chakudya limakanyamula mbatatesi, makala, manyowa, ena amasokerera nkupanga choyanikira ufa. Thumba long'ambidwa ndi mpeni ndi ndalama yotayika kwa iwo, komanso tizidutswa ta pulasitiki todulidwa timagwera m'chakudya nkhuku nkumatola. Ulusi womwe wasololedwawo awuzeninso asamautaye m'khola, umakulunga miyendo ndi zala za anapiye mpaka kutupa.

Pomwe mufunike thandizo la ena ndi apa. Makina akamalumphabe timaunyolo mutasintha singano ndi ulusi, musawamasule nokha, apititseni kwa amakanika odziwa makina osokera, kachitsulo kokola ulusi mkatimo kamafuna kukhazikidwa pamalo pake penipeni ndipo kungokasuntha pang'ono zonse zimasokonekera. Matumba akamaphulika pathupi osati pa msoko, limenelo ndi vuto la thumba, bwererani kwa amene anakugulitsani ndi thumba lophulikalo m'manja, mufunse kulemera kwa nsalu yake, ndipo musadzagulenso ambiri musanapatsidwe ochepa oyesera. Mukayamba kugulitsa m'masitolo akuluakulu kapena kuwolotsa katundu pa malire a Calomue kupita ku Dedza, pali malamulo a zolemba pa thumba ndi kulemera kwake, pamenepo funsani a zaulimi ku boma la Angónia akulozereni, komanso bungwe loona za miyezo kuno ku Mozambique la INNOQ. Ndipo uja anadzicheka chala, ngati bala latupa kapena likutuluka mafinya apite kuchipatala, mpeni wotsegulira matumba nthawi zambiri umakhala wadzimbiri, akafunsenso za jakisoni wa kafumbata.

Mukapeza mpata nditumizireni zithunzi ziwiri za msoko wanu, mbali ya mizere ndi mbali ya maunyolo, mujambule pafupi kumapeto komwe mumadulira ulusi, komanso dzina lolembedwa pa makina anu. Ndikaona ndikuuzani ngati vuto ndi mchira, singano kapena mpendero. Moni kwa amayi onse pagulupo.